Kainjini Kanu Kaluma Achimwene

Amunanga,

Mukapeza pakhomo palibe munthu musadabwe, ndathamangira kuchipatala ndi achimwene anu. Kainjini ka dizilo ka kandege kanu koseweretsa kaja, kamene mwakhala mukukapala dzimbiri ndi mswachi kuyambira chaka chatha koma osatsokomola n'komwe, lero kalira. Pepani kuti kalira inu kulibe.

Achimwenewo anabwera kudzabwereka makwerero n'kukaona patebulo. Ndinawaletsa, koma mukuwadziwa. Amvekere, "Mlamu, ine mainjini ndinawadziwa mng'ono wanga uja akadali m'matewera." Anathira timafuta tanu tonunkha tija, n'kupotokola kasikuluwu kapamwamba, kenako n'kukankha pulopela, kokupiza mphepo kakutsogolo kaja, ndi chala. Kanabangula ngati kagwidwa ziwanda! Pulopelayo inawatema chalacho moti chikufunika kusokedwa, ndipo katswiri wathu akulira kuposa injiniyo.

Popeza inunso akadaulo simunakamangirire patebulo, kanadzuka n'kuuluka kokha popanda ndege, mpaka kutulukira pazenera. Musathamangire kukafunafuna. Yambani mwasesa magalasi ana asanaweruke kusukulu, mutseke zeneralo ndi katoni, muviikenso makatani, chifukwa mafuta afika mpaka kudenga. Mukatha mupite kwa aneba mukapepese. Kanagwera m'beseni la zovala zawo zoyera, ndipo akuti sabweza mpaka akuoneni nkhope.

Chakudya chili m'poto muja mumaviikamo tizitsulo tanu. Chikamveka palafini musadandaule, ndi ndiwo zomwe munasankha nokha.

Ndine mkazi wanu wamkulu, poti wamng'ono wadizilo uja wathawira kwa aneba.