Alendo Amene Mayi Dikirani Atisiyira mu Firiji

Kwa bambo a m'nyumba ya malemu, ana, adzukulu ndi achibale onse, komanso kwa aliyense amene magazi ake adadutsapo m'manja mwawo:

Wapampando wa bungwe la ogwira ntchito mu labotale ya chipatala chathu, yemwe akulemba uthengawu m'malo mwa mamembala onse, adawaona komaliza Lachiwiri masana mayi athu amene tonse tinkawatchula kuti Mayi Dikirani. Adali ataima pa windo, magolovesi ali m'manja, atakweza kambale komeretsera tizilombo kuti kuwala kudutsepo, atatsinzina diso limodzi ngati munthu amene akuyesa kukumbukira nkhope imene adaionapo kwinakwake.

"Pulofesa, tabwera," adatero, poti ndi mmene ankamuseleulira wapampandoyo, mnyamata amene adasiyira koleji panjira. "Ndikuona ngati mlendo wathu uja wabweranso. Umuyang'ane bwino, mawa udzandiuze ngati maso angawa ayamba kunama."

Mawa lake sadabwere ku ntchito. Lachinayi m'mawa tidalandira uthenga woti mtima wawo waima ali kunyumba, ndipo ngakhale kuti ndife anthu amene timaona mapepala a odwala akutsekedwa tsiku ndi tsiku, imfa iyi yatipweteka kwambiri, moti mpaka lero palibe amene walimba mtima kukhala pa mpando wawo wautali kapena kuchotsa gauni yawo pa msomali.

Malemu adagwira ntchito ya labotale zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo n'koyenera kuti achibale adziwe chimene ankachita m'chipinda chija chimene alendo saloledwa kulowamo. Munthu akadwala, timapaka magazi kapena mafinya ake pa kambale, n'kukaika mu kabati yofunda, ndipo pakatha masiku awiri, mabakiteriya amene amera timawapereka ku makina kuti atiuze dzina lawo. Makina akalephera, chizolowezi chathu chidali kunena kuti ndi litsiro la pakhungu kapena la mumpweya, kambaleko n'kutaya. Malemu ankakana zimenezi. Ankati makinawo ali ngati mlonda wa pa geti amene adampatsa mndandanda wa mayina, ndiye aliyense amene sali pa mndandandapo iye amati kulibe, chonsecho munthuyo walowa kale m'nyumba. Timbale totere ankatisunga mpaka masiku asanu ndi awiri, ndipo aliyense wofikira dzanja kuti ataye ankamva mawu amodzimodziwo amene adasanduka dzina lawo: dikirani. Zimene zamera ankazitcha alendo, ankazipaka utoto, kuziyang'ana pa maikulosikopu, kuziyesa ndi mankhwala osiyanasiyana, kenako n'kuzisunga mu timabotolo mu firiji yozizira kwambiri.

Adaphunzitsa achinyamata oposa makumi atatu, ena mwa iwo lero ali ndi madigiri ndi maofesi awoawo. Ena adanyamula zimene malemu adapeza n'kukazifotokoza ku misonkhano ikuluikulu, dzina la mwiniwake litalembedwa pansi penipeni m'zilembo zofuna mandala. Malemu ankangoseka, n'kunena kuti kachilombo sikawerenga mapepala. Ndi iwonso amene adaumiriza bungwe lino kusankha wapampando wopanda satifiketi, ponena kuti amasatifiketi onse adali otanganidwa moti sakadapeza nthawi yonyamula mabenchi a msonkhano.

Ntchito yawo yaikulu idachitika zaka zisanu zapitazo, makanda atatu a m'wodi ya ana atatentha thupi mosamva mankhwala. Kambale ka mwana woyamba sikadamere kanthu pa tsiku lachiwiri, kupatula kachifunga kochepa m'mbali, ndipo wapampando wathu, ali mlendo pa ntchito nthawi imeneyo, adakataya monga adaphunzirira ku koleji. Malemu sadakalipe. Adangomufunsa motsitsa mawu kuti, "Wamuthamangitsa asanakuuze kumene akuchokera?" Timbale ta ana awiri enawo adatisunga okha, ndipo pa tsiku lachisanu padatuluka timadontho totuwa, ting'onoting'ono ngati nsonga ya singano. Makina adasowa dzina. Dokotala wa wodiyo adati mwina ndi manja athu osasamba, koma malemu adamuyankha kuti litsiro silisankha ana awiri ogona moyandikana, ndipo adayesa mankhwala limodzilimodzi mpaka adapeza amene adaletsa timadonthoto kukula. Ana awiriwo adachira, pano ali pa sukulu. Woyamba uja adamwalira. Wapampando wathu uja atafuna kusiya ntchito, malemu adamuuza kuti palibe munthu angadziwe ngati kambale kaja kakadasintha kanthu, koma chimene akudziwa iwo n'chakuti manja amene adatayapo kamodzi ndi amene sadzatayanso, choncho akasambe abwerere pa benchi yoyezera timbale.

Kachilombo kameneko adakapatsa nambala 41. Kuchokera nthawi imeneyo kabweranso kanayi, ndipo mpaka lero sitikudziwa kuti n'chiyani. Kodi kamakhala m'mipopi ya madzi, m'machubu, kapena kamabwera ndi odwala kuchokera kunyumba? N'chifukwa chiyani kamachedwa kumera chonchi pa kambale, pamene m'thupi la khanda kamafulumira? Kodi ndi kachilombo kakale kamene kasintha khalidwe, kapena n'kamene palibe adakalembapo? Malemu ankafunsa mafunso amenewa pa nthawi ya tiyi ndi chimwemwe cha munthu amene akumva nkhani yokoma, ndipo adatipatsira matenda omwewo ofuna kudziwa. Lachitatu lija wapampando adayang'ana kambale monga adamuuzira, ndipo adapeza kuti maso a malemu sadaname: mlendoyo adali nambala 41 yemwe uja. Wodwala mwini kambaleko adapatsidwa mankhwala aja ndipo akupeza bwino, koma mwini funso sadamve yankho lake.

Pano, bambo athu ndi achibale nonse, tikupempha kuti mutikhululukire pobweretsa pempho pa nthawi ya misozi. Mu firiji ya malemu muli timabotolo makumi asanu ndi limodzi ndi titatu, ndipo pa kalikonse padalembedwa nambala yokha. Kumene mlendo aliyense adachokera, tsiku limene adapezeka, maonekedwe ake ndi mankhwala amene amamugonjetsa, zonsezo zili m'kope la chikuto chobiriwira limene malemu ankayenda nalo m'chikwama. Labotale ina yaikulu idavomera kale kufufuza nambala 41 mpaka kupeza mtundu wake, bola tikatumize pamodzi ndi mbiri yake. Koma lamulo la ntchito yathu limati kabotolo kopanda mbiri sikasungidwa, kamalowa mu mphika wa nthunzi wophera tizilombo, ndipo mkulu wa labotale, amene sangaphwanye lamulolo ngakhale akumva nafe chisoni, watipatsa masiku owerengeka.

Titabwera kudzakhuza maliro, wapampando adafunsa za kopelo, ndipo mwana wamkulu wa malemu adamukokera pambali. "Achimwene, ine sindikukaniza ayi," adatero. "Koma azakhali amanga zonse za ku ntchito m'thumba, akuti pasapezeke wozigwira. Akuti zimenezo ndi zimene zawatenga, ndiye zitenthedwe."

Sitikuwaweruza azakhali, chifukwa munthu amene wataya mlamu wake ali ndi ufulu woopa chilichonse chimene mlamuyo ankagwira. Koma tikukutsimikizirani, monga adanenera dokotala amene adawaona, kuti mayi athu adapita ndi matenda a mtima, osati kachilombo ka m'labotale. Kopelo silidafikepo pa benchi ngakhale tsiku limodzi. Malemu ankayamba avula magolovesi ndi gauni, kusamba m'manja mpaka m'zigongono, ndiyeno n'kukalemba ali mu kaofesi ka kunja, ndipo wina akayerekeza kuligwira asanasambe ankamumenya pa dzanja ndi rula. Ngati mtima wa azakhali sukulola kumasula thumbalo, tidzabwera tokha ndi magolovesi, tidzamasulire panja iwo akuona. Ngati banja likufuna kusunga kopelo chifukwa muli zolemba za dzanja lawo, tidzangojambula masamba ake n'kulibweza tsiku lomwelo. Zina zonse za m'thumbamo muchite nazo monga mwagwirizanira.

M'malo mwa mamembala onse a bungwe lino, kuyambira oyang'ana pa maikulosikopu mpaka otsuka timbale, tikupereka chipepeso chathu kwa inu bambo, amene mwataya mnzanu wa moyo wonse, kwa ana amene ankagawana nafe mayi awo popanda kudandaula, ndi kwa azakhali amene asenza katundu wolemera wa nyumbayi. Mulungu akulimbitseni mitima, akupatseni tulo ndi mphamvu zodzukira m'mawa, ndipo mzimu wa mayi athu uuse mu mtendere. Tidikira yankho lanu mwaulemu, ndipo chimene mudzasankhe tidzachilandira.

Tsiku lomaliza limene mkulu wa labotale watipatsa ndi Lachisanu, pa 21 Novembala.