Wolankhulira Makawuboyi

Loweruka, 8 Novembala 2014

Mvula chiyambire m'mawa. Fiona, mdzukulu wanga wophunzira ku Sheffield uja, wabwera ndi matikiti awiri. Akuti Agogo tiyeni m'tauni, akuonetsa kanema wakalekale wa makawuboyi, wopanda mawu. Akulemba za kanemayu kusukulu kwawo. Ndinavala jekete la ku tchalitchi.

Holo yaing'ono, azungu okhaokha, mayi wina pa piyano. Atangozimitsa magetsi ndinamuzindikira. Ndi yemwe uja ndinkalankhulira ku esiteti ya tiyi ku Thyolo, chinsalu titamangirira pa mabulugama awiri. Ntchito yanga inali imeneyo, kugwira chimkuzamawu n'kumaika mawu m'kamwa mwa anthu a pa chinsalu. Wa chipewa choyera ndinkamutcha Jeke. Wakuba mahatchi ndinkamutcha Kapitawo, othyola tiyi ankagubuduka ndi phwete.

Pakamwa panayamba pokha. "Thawa Kapitawo, lero wakumana nazo." Bambo wa kutsogolo anacheuka, chala pamlomo. Fiona kunditsina pabondo, "Grandad, please." Anthu akuomberana pamaso pawo, iwo ali duu ngati akudikira jakisoni.

Atayatsa magetsi anayamba kukambirana, Fiona akundinong'oneza zimene akunena. Wandevu wina akuti kuthamangitsana konse kwa m'makanema a lero kunabadwira apa: aonetse wothawa, adule, aonetse wothamangitsa, mtima wa woonera uzigunda. Mtsikana wina akuti ndi kanema wa olanda malo, eni dziko akuwaonetsa ngati zilombo. Wina anangoti piyano inali bwino. Ine sanandifunse.

Lamulungu, 9 Novembala

Mpando wa a Thompson ku tchalitchi unali wopanda munthu. Abusa ndiwo analengeza. Sitiroko, Lachisanu, anagwa m'bafa. Ine kumvera pa guwa ngati mlendo. T., mnzanga wa ku esiteti, amene ankaliza jenereta ine ndikulankhula. M'Bradford monse muno wodziwa dzina la mayi anga watsala yekhayo.

Lachiwiri, 11 Novembala

Basi ziwiri kukafika kuchipatala. T. mbali ya kumanja yafa, pakamwa papotoka, mawu palibe. Maso okha ndiwo amoyo.

Ana ake onse analipo, Harvey wa konkuno ndi Joan, nesi wa ku Liverpool uja. Dokotala wawauza kuti mtima nawonso watopa, akonzekere. Pakhonde ndinawapeza akunong'onezana za manda. Joan akuti adadi aikidwe konkuno, pafupi ndi amayi. Malita, mkazi wa T., anamuika kuno chaka chatha.

Ndinati ayi. Mwamuna wa ku Thyolo sagona m'dothi la eni, lozizira ngati ili.

Harvey anati, "Ankolo, anakuuzanipo zimenezi?"

Ndinati kundiuza n'kwa chiyani, nkhope ndaiona. Ine sukulu sindinapondeko, zilembo izi ndinatola m'buku la nyimbo, koma kuwerenga nkhope ya munthu wosalankhula anandilemba ntchito ndi azungu. Joan anayang'ana kudenga.

Lachitatu, 12 Novembala

Bondo. Sindinatuluke.

Lachinayi, 13 Novembala

Ndaimbira kumudzi kwa T. Ndalankhula ndi mphwake, amene tsopano ndiye mwini mbumba. Ndamuuza kuti malume anu akufuna kubwera kwawo, musalole ana a ku Mangalande akunyengeni. Anathokoza kwambiri.

Mwana wanga Edwina, mayi ake a Fiona, atamva anazimitsa ketulo. "Bambo, mwalowerera za eni. Inu ndi ndani pamenepa?" Ndinati ndine amene ndatsala.

Madzulo Fiona anaimba. Wapeza kanema uja pa tabuleti yake, ndipo wawerenga timawu ta Chizungu timene timatuluka pakatipakati. Akuti amene ndimati ndi mchimwene wake wa Jeke uja si mchimwene, ndi wapolisi. Komanso akuti mwina wa ku Thyolo anali wina wofanana naye, poti akale onsewo ankangokoperana pomwepo. Ndinati timawuto ndi tolakwa. Anthu a esiteti yonse anamva kuti ndi mchimwene, ndipo analira. Wapolisi angamulire ndani?

Ndamuuza abweretse chitabuleticho Loweruka. T. aone.

Loweruka, 15 Novembala

Tinakoka makatani a bedi. Fiona anagwira tabuleti, ine ndinakhala kumanzere kwa T., mbali yamoyo. Ndinayamba motsitsa mawu. Pofika pa Kapitawo akugwa pa hatchi, theka la nkhope ya T. linaseka. Joan nayenso anaona, anagwira pakamwa.

Ndiye tinafika paja achifwamba aombera mkazi wa Jeke. Jeke akumba yekha m'chipululu, aunjika miyala, azika mtanda wa timitengo, akwera hatchi. Ndinanena mawu anga akale aja: "Gona kaye pompa, mkazi wanga. Ine ndikupita kwathu."

T. anabuula. Dzanja lamanzere linamenya tabuleti mpaka kugwera pa bulangeti. Misozi kutsikira m'khutu.

Ndinati mwaona, mwamva nokha. Akufuna kwawo.

Joan anati, "Akulira amayi, Ankolo."

Ndinati iwe mwana, bambo ako ndinawadziwa usanabadwe.

Anaimirira. Sanakweze mawu, mwina chifukwa cha odwala ena. "Adadi si kanema wanu. Musawaikire mawu."

Fiona anatola tabuleti yake. M'basi anakakhala pa mpando wina mpaka kutsika.

Lolemba, 17 Novembala

Harvey wabwera kunyumba, maso ofiira. Akumudzi akumuimbira osapuma. Akuti akaika bambo ake kuno asadzapondenso ku Thyolo, ngakhale pa maliro a munthu wina. Iye ndi Joan sakulankhulana. Anakhala pa mpando osavula jasi. "Ankolo, ngati mukunenetsa kuti ndi zimene akufuna, ndichita zomwezo. Joan adana nane, koma ndichita."

Ndinati ndikunenetsa.

Anandiuzanso kuti kwabwera mayi wina wophunzitsa odwala kulankhula. Akuti T. akumva zonse. Umufunse funso limodzi, akavomera afinya dzanja, akakana asiya. Joan anafuna kuyesa za mandazo koma sanathe kufunsa bambo ake omwe. Harvey nayenso akuti sangathe.

Ndinati zimenezo ndi zamasewera a ana.

Atapita ndinakhala pawindo. Nyumba za njerwa zakuda izi, kugundana ngati mano. Edwina akadzafunsidwa za ine adzati chiyani? Amagwira ntchito usana ndi usiku, ana ake Chichewa amangomva. Sindinamufunse.

Lachiwiri, 18 Novembala

Fiona watumiza mawu kudzera kwa mayi ake. Akuti aphunzitsi ake akufuna ndikalankhulire kanema uja pamaso pa ophunzira, monga tinkachitira ku esiteti. Ndati ndiona. Mtima suli pamenepo.

Lachitatu, 19 Novembala

Ndinapita masana, ana ake asanaweruke kuntchito. Ndinafuna ndifinyitse dzanjalo ndekha, kuti Joan akabwera ndimutseke pakamwa ndi njira yawo yomweyo.

T. wachepa. Ndevu sanammete. Ndinaika dzanja langa m'dzanja lake.

Ndinayamba ndi zophweka. Achimwene, ndine Lucius? Anafinya. Jenereta ija munkaidziwa bwino? Anafinya. Kuposa mmene ine ndinkadziwira kulankhula? Anafinya zolimba, galu ameneyu.

Ndiye ndinati, tikutengereni ku Thyolo?

Dzanja linangokhala. Ndinaganiza kuti watopa. Ndinadikira, ndinafunsanso mokweza, ndikutchula mudzi wake, mtsinje, mtengo wa mango wa pa manda a mayi ake. Maso ali pa ine, dzanja lili lende.

Funso linalo ndinalizengereza. Mayi wokankha tiyi anadutsa, anafunsa ngati ndimwa, ndinagwedeza mutu osadziwa ndikuvomera chiyani.

Pafupi ndi Malita?

Anafinya. Osasiya. Zikhadabo kulowa m'khungu langa, munthu woti supuni sangagwire.

Tinakhala choncho mpaka tiyi anazizira. Harvey anafika ali ndi yunifomu ya kuntchito, anaima kumiyendo kwa bedi, anayang'ana manja athu.

"Ankolo, lero akuti chiyani?"

Pakamwa panga panatseguka, monga mwa chizolowezi. Ndinapatseka. Ndinadzuka pa mpando, ndinatenga dzanja la Harvey n'kuliika m'dzanja la bambo ake.

"Afunse wekha. Ndipatse foniyo, ndikaimbire kumudzi ndili pakhonde."