Kusankha Kamera ya Bambo Sichali

KALABU YA ALIMI A KHOFI YA TIYEZGE, MISUKU
Zolembedwa za msonkhano wapadera wa komiti

Tsiku: Lachiwiri, 12 Ogasiti 2014
Malo: Chipinda chosungiramo matumba, pamalo osendera khofi

Opezeka: Mayi Towera Namkonda (Wapampando), Bambo Henderson Silumbu (Wachiwiri kwa Wapampando), Bambo Yohane Musukwa (Msungichuma), Mayi Grace Nalungwe (Membala), Mayi Aida Namwaka (Mlembi)
Oitanidwa: Bambo Jackson Sichali, wojambula zithunzi wa kalabu, Bambo John Makwinja, mwini sitolo ya zamagetsi ku Chitipa boma
Opepesa: Mayi Uchizi Kayange, ali kumaliro ku Wenya
Osapezeka popanda mawu: Bambo Vitumbiko Mbale, kachitatu tsopano

1. KUTSEGULIRA

Wapampando anatsegula msonkhano nthawi ya 9:40 m'mawa m'malo mwa 9:00. Izi zinali chomwechi chifukwa Bambo Makwinja, omwe kwawo ndi ku Phalombe, anatsika galimoto kumsika n'kukwera chitunda wapansi atavala nsapato za mu ofesi. Anapatsidwa madzi ndi mpando. Bambo Musukwa anapemphera.

2. CHOLINGA CHA MSONKHANO

Wapampando anakumbutsa komiti kuti kuyambira 1991 zithunzi zonse za kalabu amajambula ndi Bambo Sichali ndi kamera yawo ya filimu. Izi ndi zithunzi za pa makhadi a umembala komanso za mlimi aliyense ali m'munda mwake, zomwe zimatumizidwa kwa ogula khofi akunja. Anati malo omwe ankatsukirako filimu ku Mzuzu anasiya ntchitoyi mu Juni, filimu nayonso yasowa m'masitolo, pomwe ogula akufuna zithunzi za alimi onse 212 pakompyuta Novembala asanathe.

Msonkhano waukulu unaloleza kugula kamera ya digito yosapitirira K150,000. Wapampando anati mafunso alipo awiri: kamera iti, nanga aigwire ndani. Anati funso lachiwirili walibweretsa ndi Wachiwiri kwa Wapampando, ndipo Bambo Sichali aitanidwa kuti nkhani ya ntchito yawo isakambidwe kumbali.

3. MAKAMERA OMWE ALIPO

Bambo Makwinja anayamba ndi moni wa Chitumbuka, womwe komiti inaulandira mokoma mtima. Anaika patebulo makamera atatu ochokera ku Mbeya.

(a) Kakang'ono kolowa m'thumba la malaya. Ndi kotsika mtengo, koma anati m'munda wa mthunzi wa nthochi kamada, ndipo nkhungu ya kuno kangafe nayo chaka chisanathe.

(b) Yaikulu yatsopano, ya mtundu womwe diso lake (galasi la kutsogolo) limachotsedwa n'kuikapo lina, monga ilili ya Bambo Sichali. Imabwera ndi diso lake lomwe limadzilunjika lokha. Mtengo wake wapitirira malire ndi K60,000.

(c) Yaikulu ngati yachiwiriyo, koma yogwiritsidwapo kale ntchito, yopanda diso, ya K95,000. Inapangidwa ndi kampani yomwe inapanga ya Bambo Sichali, choncho diso lawo lakale limalowa bwinobwino.

Bambo Makwinja analangiza komiti kuti isatengeke ndi manambala olembedwa pa katoni. Anati chofunika ndi batire losavuta kupeza, khadi yosungira zithunzi yogulika ku boma, komanso diso labwino, popeza chithunzi chimapangidwa ndi diso osati katoni. Pa za mtengo, Bambo Musukwa anafunsa ngati bei yomalizira ndi yomweyo. Anayankhidwa kuti ndi yomweyo. Anafunsanso m'Chiswahili, koma yankho silinasinthe.

Bambo Sichali anati akufuna yachitatuyo, apo ayi palibe. Atafunsidwa chifukwa, anati diso lawo lakale analizolowera.

4. ZOTSATIRA ZA KUYESA KAMERA

Mayi Nalungwe anapereka lipoti la kuyesa komwe kunachitika Loweruka lapitali m'munda mwawo. Bambo Makwinja anabwereketsa kamera yatsopanoyo, koma kabatani kodzilunjikira kanali kozimitsa ndipo palibe anadziwa. Bambo Sichali anajambula alimi asanu ndi atatu, ndipo zithunzi zonse zinatuluka zosaoneka bwino, moti Mayi Nalungwe anazindikira mwamuna wawo chifukwa cha chipewa basi.

Anati chomwe chinawasautsa mtima si zithunzizo. Atawaonetsa Bambo Sichali pa kagalasi ka kumbuyo kwa kamera, iwo anayang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Vili makora chomene," kutanthauza kuti zili bwino kwambiri.

Bambo Silumbu anati nkhaniyi yadziweruza yokha. Anati iwo alibe chifukwa ndi Bambo Sichali, koma tsobola wakale sawawa, ndipo kalabu singataye ogula chifukwa cha manyazi. Anaonjezera kuti Bambo Sichali amachedwetsa anthu: munthu aliyense amayenda kukamupatsa moni, kumukonza kolala, kumufunsa za ana, kenako n'kubwerera pang'onopang'ono ngati akuperekeza mkwatibwi. Anapereka maganizo oti kamera isagulidwe, m'malo mwake kalabu ichite ganyu munthu wa situdiyo wa ku boma. Bambo Musukwa anavomereza maganizowo akuyang'ana pansi.

5. YANKHO LA BAMBO SICHALI

Wapampando anapempha Bambo Sichali kuti ayankhe. Iwo anaimirira n'kupempha kuti Mlembi alembe mawu awo monga momwe atulukire. Mawuwo ndi awa:

"Amama Wapampando, ine nakubisirani. Maso ghane, maso angawa, anayamba kuchita nkhungu chaka chija mvula inagumula mlatho wa kumunsi. Izi ndi zaka zisanu. Munthu ndimamuona kuti apo pali munthu, kweni nkhope yayi. Ndinaopa kuti ndikanena, mundilanda kamera. Sono ndanena."

Bambo Silumbu anafunsa kuti nanga zithunzi za zaka zisanu zonsezi, zomwe palibe anadandaulapo, wakhala akujambula ndani.

Bambo Sichali anatulutsa kamera yawo m'chikwama, anachotsa diso lake n'kulipereka kwa Wapampando kuti alikhudze. Pa mkombero womwe amapotoza polunjika chithunzi panali timizere tinayi tosemedwa ndi tupa. Anafotokoza kuti ataona kuti maso ayamba kuwathawa, anakhala sabata yonse pabwalo la kwawo ndi mkazi wawo, Mayi Nambale, akuyeza ndi chingwe n'kumasema. Kamzere koyamba ndi masitepe atatu, kachiwiri asanu, kachitatu asanu ndi atatu, komaliza ndi ka gulu la anthu. Akapita kukapereka moni kwa munthu, amamuzindikira ndi mawu, amamuimika pomwe dzuwa likuwotcha tsaya lakumanzere, kenako pobwerera amawerenga masitepe. Chala chachikulu chimapeza kamzere, ndipo amajambula kamodzi kokha. Zithunzi zikabwera kuchokera ku Mzuzu, Mayi Nambale ndiwo ankaziika m'maenvulopu n'kuwauza ya ndani ndi ya ndani.

Anati diso la kamera yatsopano ndi losalala ngati botolo, lilibe poti chala chigwire. Loweruka lija anangopotoza mwamwayi.

Mlembi akuvomereza kuti apa sanalembe kanthu kwa mphindi zingapo. Iye mwini anajambulidwa katatu m'zaka zimenezi, ndipo nthawi zonse ankaganiza kuti Bambo Sichali amangokonda macheza.

Bambo Silumbu anati nkhaniyo ndi yokoma m'khutu koma akufuna umboni. Wapampando analoleza. Komiti inatuluka panja pa matandala oyanikira khofi. Bambo Makwinja anaika diso lakale pa kamera yachitatu ija ndipo anachenjeza kuti pa digito diso lomweli limaona mopanikiza, choncho wojambula ayenera kuima patali pang'ono kuposa kale. Bambo Sichali anati zimenezo si vuto, miyendo ali nayo.

Bambo Sichali anawaimika Bambo Silumbu pafupi ndi thandala, anawakonza kolala, anawafunsa za bondo lawo. Bambo Silumbu anayankha kuti bondo lili bwino ndipo afulumire. Bambo Sichali anabwerera masitepe asanu ndi atatu, anapotoza mkombero, ndipo kamera inalira kamodzi ngati kamwana ka nkhuku. Anadzidzimuka n'kufunsa ngati aiwononga. Bambo Makwinja anafotokoza kuti kamera imeneyi imalira chomwecho chithunzi chikalunjika bwino, ngakhale diso likhale lakale, ndipo apa yangovomereza zomwe chala chapeza kale.

Chithunzicho chinaonetsedwa kwa onse. Chinali chakuthwa moti ulusi womwe mayi a kunyumba kwa Bambo Silumbu anasokera batani unkaoneka kuti ndi wosiyana mtundu ndi malaya. Bambo Silumbu anati kamodzi ndi mwayi. Kuyesaku kunabwerezedwa pa Mayi Nalungwe, pa Bambo Musukwa, ndi pa komiti yonse pamodzi. Kamera inalira nthawi zonse zitatu.

Bambo Makwinja anapempha kuti zilembedwe kuti agulitsa makamera zaka khumi ndi ziwiri kuchokera ku Limbe mpaka ku Tunduma, kwa anthu a maso awiri abwinobwino odula anzawo mitu pa zithunzi, koma zotere sanazionepo. Anati ngati komiti igula yachitatuyo, aonjezerapo batire lachiwiri laulere. Bambo Musukwa anapempha kuti mawu akuti "laulere" alembedwe momveka. Alembedwa.

6. ZOGWIRIZANA

Atabwerera m'chipinda, Bambo Silumbu anabweza maganizo awo. Anati chaka chatha Bambo Sichali anajambula ukwati wa mwana wawo wamkazi, ndipo chithunzicho achipachika pabalaza, alendo amachiyamikira. Anati iwo ndi amene akhala osaona. Anatembenukira kwa Bambo Sichali n'kupepesa kuti, "Adada, munigowokere." Bambo Sichali anayankha kuti palibe mlandu, popeza wolakwa ndi wobisa.

Wapampando anati kubisako komiti sikukuyamikira, chifukwa zikanavuta kalabu ikanachita manyazi pamaso pa ogula. Koma anati luso lotere, lomwe munthu walisema yekha ndi tupa, kalabu singalitaye. Komiti inagwirizana mopanda wotsutsa kuti:

(a) Igulidwe kamera yachitatu, ndipo igwiritse ntchito diso lakale la Bambo Sichali.

(b) Bambo Sichali apitirize kukhala wojambula wa kalabu, ndipo ajambule alimi onse 212.

(c) Bambo Makwinja atchere zonse za m'kati mwa kamera kamodzi, kuti pasakhale zowerenga pa kagalasi. Mayi Nalungwe aziona zithunzi za tsiku lililonse asanazitumize.

(d) Palibe membala yemwe aloledwe kuuza Bambo Sichali kuti afulumire.

Mayi Nalungwe anati amayi awo anali ndi nkhungu yotereyi, inapezeka kuti ndi ng'ala, ndipo anaichotsa kuchipatala tsiku limodzi. Anamva kuti madokotala a maso abwera ku boma mwezi wa mawa. Bambo Sichali anati amaopa mpeni m'diso. Wapampando anati munthu woyenda zitunda za Misuku osaona njira alibe chifukwa choopera dokotala. Bambo Silumbu anadzipereka kuwatenga pa njinga yawo yamoto, ndipo komiti inavomereza.

7. NKHANI ZINA

7.1 Bambo Musukwa anadandaula kuti matumba khumi ndi awiri abowoledwa ndi makoswe. Nkhaniyi yasiyidwira msonkhano wotsatira.

7.2 Mlembi alembere kalata Bambo Mbale yofunsa ngati akadali membala wa komiti.

7.3 Bambo Sichali anapempha chilolezo choyankhula komaliza. Anati sakudziwa ngati madokotalawo aphula kanthu. Koma ngati aphula, ali ndi pempho limodzi. Anapempha kuti pa msonkhano wotsatira membala aliyense abweretse zithunzi zomwe anamujambula zaka zisanu zapitazi, za maukwati, za makhadi, za ana obatizidwa, ndi za omwe anatisiya. Anati azibweza tsiku lomwelo, sazidetsa.

Wapampando anafunsa kuti akufuna azitani.

Bambo Sichali anati, "Mwakhala mukundiuza kuti ndi zabwino. Nkhukhumba niviwone nane."

Pempholi linavomerezedwa popanda kuvota. Wapampando analamula kuti likhale nkhani yoyamba pa ndondomeko, ndipo makoswe abwere pambuyo.

8. MSONKHANO WOTSATIRA NDI KUTSEKA

Komiti idzakumananso Lachiwiri, 14 Okutobala 2014, nthawi ya 9:00 m'mawa, panja pa matandala, pomwe pamawala bwino. Mayi Nalungwe anapemphera, ndipo Wapampando anatseka msonkhano nthawi ya 12:25 masana.

Wasaina: ______________________
Towera Namkonda, Wapampando

Wasaina: ______________________
Aida Namwaka, Mlembi