Nkhono za pa Gombe la Atate

Achemwali a Matrona,

Landirani moni kuchokera kuno kuchilumba cha Kodiak, kwa mlongo wanu Nikifor, msodzi amene nsomba zikangomva dzina lake zimadziponyera zokha m'boti. Alamu ali bwanji? Akuopabe madzi ngati mphaka?

Kuno nyanja yafunda, achemwali, moti mutha kuviikamo masamba a tiyi. Nsomba zathawira kumpoto osatsanzika, mbalame zafera pagombe mbwee, zowonda mafupa okhaokha. Azaumoyo anadzatichenjeza kuti madzi ofundawa alowetsa poizoni mu nkhono zathu zokumba mumchenga zija. Ine ndinaseka. Ndinati, "Inu a m'tauni, nkhonozi ndinayamba kukumba ndisanamere mano!"

Amayi anali atazilakalaka kwa nthawi. Ndiye ndinapita pagombe la atate lija, ndinadzaza ndowa, n'kuyesa monga ankachitira malemuwo: kukhudzitsa imodzi pamlomo, kudikira kuona ngati pachite dzanzi la poizoni. Sipanachite kanthu. Amayi anadya mokondwa, amvekere, "Wapakamwa iwe, lero lokha wagwira ntchito." Ine ndinangolawa pang'ono, zonona zonse ndinawasiyira iwo.

Tsiku lomwelo ndege inawatenga kupita nawo kuchipatala. Madokotala akuti makina akuwathandiza kupuma. Ndimakhala pambali pawo n'kumawasimbira za nsomba yanga ija yaikulu kuposa tchalitchi, koma sananditsutsepo ngakhale kamodzi. Amayi mukuwadziwa inu.

Nsomba zouma chaka chino sinditumiza. Bwerani nokha, musadikire tchuthi cha ana. Mutengenso mpango wanu wakuda uja.

Ndine mlongo wanu,
Nikifor, amene kale ankaidziwa nyanja