Ulusi Wakuda M'kompyuta ya Golden

Mlare, Karonga

Wokondedwa mlongo wanga Zebedee,

Ndikhulupirira Mulungu akukusunga bwino ku Cape Town konko pamodzi ndi alamu anga. Kodi chifuwa chija chinakusiya? Kuno ana ali bwino, ine ndikuphunzitsabe. Amene sali bwino ndi achimwene athu a Manase. Ali m'chipatala ku Boma, n'chifukwa chake ndalemba kalata m'malo moimba foni. Pafoni umandidula mawu. Ndiijambula n'kukutumizira lero lomwe.

Nkhani yake ndi ya kompyuta ya magemu imene unatumizira mwana wako Golden kuti atsegulire shopu pa Uliwa. Zimene anakuuza iye unazimva. Imva tsopano zimene ndinaona ine.

Miyezi yoyamba zinkayenda. Akabaza ndi asodzi ankadzaza shopu kusewera mpira ndi mipikisano ya magalimoto. Kutentha kwa Okutobala kutayamba, kompyuta inayamba kuzima yokha gemu ili mkati. Ukaiyatsanso inkagwira pang'ono n'kuzimanso.

Golden anandiitana, poti ndimaphunzitsa sayansi. Ndinayamba ndi zapafupi. Tinasintha soketi ndi nthambo ya magetsi, osathandiza. Tinabwereka sikirini ina, chimodzimodzi. Nditamufunsa nthawi imene imazima, anati m'mawa imapirira, koma malata akangotentha siichedwa. Ndinaika dzanja kumbuyo kwake, chitsulo chikuotcha. Kabuku kamene kanabwera nayo kamanena momveka kuti makinawa akatentha kwambiri amadzizimitsa okha kuti asapse.

Ndinamuuza kuti titsegule tione ngati mafani a mkati akuzungulira. Anakana, akuti iwe unaletsa. Kompyutayo anaiika m'khola lachitsulo lowotcherera kuopa akuba, ndipo kiyi wake ankamuvala m'khosi. Ndinabwerera ku Mlare nditangomulangiza kuti asamaiyatse masana.

Pa Uliwa anthu anali atayamba kale kufufuza mwa njira yawo. Wina anakumbuka kuti tsiku limene katunduyo anafika, achimwene anagogoda bokosi n'kuseka kuti ng'ombe ya Azungu siipirira dzuwa la Karonga. Ukuwadziwa achimwene, nthabwala zawo n'zomwezo kuyambira tili ana. Koma mawuwo anawasandutsa temberero.

Kenako panabwera uthenga wako wa mawu pafoni, wonena kuti pabanja pali wansanje, amufufuze. Mwina unangolankhula mtima utakwera. Golden anauika pa sipika m'shopu, anzake onse akumva.

Loweruka lapitali kompyuta inakaniratu kuyaka. Kagetsi kofiira kankawala, sikirini ili bii. Anyamata amene anabwera kudzasewera, ena atalawako kale mowa, anamulanda Golden kiyi, natulutsa kompyuta n'kuimasula. Mkati anapezamo chithumwa, kansalu kakuda kokulungidwa ndi ulusi.

Ine ndinali pamsika ndikugula nsomba. Achimwene anali tsidya la msewu, akutsitsa thumba la mpunga panjinga. Ndinangomva anthu akukuwa kuti mfiti yapezeka. Woyamba anawamenya njerwa kunkhongo, anagwa ndi njinga yomwe. Anawakoka miyendo pamiyala mpaka pakhomo pa shopu, malaya atang'ambika, nkhope ikukhulika pansi. Anawaika chithumwa chija pachifuwa kuti avomere. Iwo ankangofunsa kuti kodi chimenechi n'chiyani. Wina anawaponda pakamwa. Wina anawamenya pamaso ndi tcheni cha njinga yawo yomwe.

Ndinalowa pakati, ndikutchula maina a anyamata amene ndinawaphunzitsa, kuti mwina achita manyazi. Thabwa linanditera pamkono n'kundigwetsa, mpaka lero sindikutha kuukweza. Nditadzuka ndinaona tayala likugubuduzidwa, wina akupopa petulo m'njinga yamoto kuthira m'botolo.

Amene anawapulumutsa ndi a Nasri, a ku Mangochi aja ogulitsa nsalu pafupi ndi shopuyo. Anawagwira m'khwapa, kuwakokera m'sitolo mwawo, n'kukhoma chitseko chachitsulo. Iwo anaima kunja n'kunena kuti wofuna kuyatsa moto ayambe ndi iwowo. Anagendedwa, chipewa chinagwa, pachipumi pakutuluka magazi, koma sanasunthe mpaka apolisi anafika.

Nthawi yonseyi Golden anali chiimire pakhomo pa shopu yake. Sanamenye, zimenezo ndimuchitira umboni. Koma sanatsegule pakamwa.

Achimwene athyoka nthiti, mano akutsogolo aguluka, ndipo adokotala akuti diso lamanzere silidzaonanso.

Kompyuta ndinaitola pansi n'kubwera nayo kuno. Lamulungu nditachokera kuchipatala ndinaiika patebulo n'kuiyang'ana bwinobwino. Pamwamba pa ubongo wake pamakhala fani yoziziritsa. Faniyo inali itazengedwa ndi ulusi wakuda, wofanana ndi wa pachithumwa, wolimba moti siinkatembenuka ngakhale ndi chala. Paulusipo panali fumbi lokhuthala, kusonyeza kuti unalowamo kalekale. Kukuzizira makina ankapirira choncho. Dzuwa litakula analephera.

Ndinadula ulusiwo, ndinapukuta fumbi, n'kugula fani ina ku Boma. Kamemore kena, kachipangizo kamene kompyuta siyaka popanda iko, kanali katasuntha pamalo pake, ndinakakankhiramo mpaka kanalira kuti tswa. Nditayatsa, inayaka. Ndaisiya ikugwira ntchito masana onse, siinazime.

Apo ndinadzifunsa funso limene palibe anafunsa pa Uliwa. Achimwene sanalowepo m'shopu muja kompyuta itachoka m'bokosi. Khola linali lokhoma, kiyi mmodzi. Nanga chithumwa chinalowa bwanji?

Ndinamuitanitsa Golden. Ndinamuonetsa ulusi ndi fani yakale, osamukalipira. Anayamba kunena za afiti olowa pakhomo lotseka. Ndinamuuza kuti afitiwo ndiye aulemu, amamanganso masukuluwu akamaliza ntchito. Kenako anaulula.

"Anti, ndinaikamo ndine. Ndi mankhwala oitanira makasitomala. Anandiuza kuti ndiike pamene pali mtima wa bizinesi."

Ndinamufunsa chifukwa chimene sananenere pamene bambo ake aakulu ankapondedwa. Anati anaona tayala lija. Anati anyamatawo akanadziwa kuti wakhala akuwakoka ndi mankhwala kuti azibwera kudzasewera, tayalalo likanakhala lake. Mantha amenewo ndikuwamvetsa, Zebedee. Koma sakubweza diso.

Nkhani siinathe. Apolisi agwirapo awiri, ndipo abale awo akulusa, akuti ana awo ali m'chitokosi chifukwa cha mfiti. Alumbira kuti tsiku limene achimwene adzatuluke m'chipatala adzawatenthera m'nyumba. Alamu, akazi a achimwene, ndi ana akugona kwa ine. Nkhokwe yawo ya mpunga aigwetsa kale.

Ine ndafotokoza za fani ndi ulusi kwa aliyense wofuna kumva. Akundiseka, akuti aphunzitsi akuikira kumbuyo mchimwene wawo ndi chizungu. Mawu amene angawamve ndi a mwini shopu yekha.

Golden samvera munthu wina koma iwe. Muimbire. Muuze kuti Lamulungu likubwerali aime pamaso pa akuluakulu a banja ndi a mpingo anene zimene anandiuza. Ndalankhula kale ndi abusa, ndipo apolisi avomera kudzakhalapo kuti anthu asamumenye. Akatha kulankhula ndidzamukweza ndekha minibasi ya ku Mzuzu, akakhale kwa anzanga mpaka mitima itazizira. Iwenso utumize uthenga wina wa mawu, wochotsa woyamba uja, utchule dzina la achimwene kuti alibe mlandu.

Ukapanda kutero, Lolemba m'mawa ndidzanyamula kompyuta, fani ndi ulusi kupita nazo kupolisi, ndipo ndidzatchula dzina la mwana wako. Sindikukuopseza. Ndikukuuza pasadakhale kuti usadzamve kwa ena. Ndinamulera Golden mayi ake omubereka atamwalira, ndipo kumutchula kudzandipweteka kuposa thabwa lija. Koma sindingadikire kuti achimwene apse.

Dzulo, mutu uli m'mabandeji, anandifunsa ngati kamakina ka mwana kanachira. Ndinawauza kuti kakuyaka. Anati zikomo, mwanayo asataye bizinesi yake. Sakudziwa kanthu. Ndikufuna akamve kwa Golden, osati kwa ine.

Upereke moni kwa alamu ndi onse a kwathu amene uli nawo kumeneko. Ambuye akusunge ndi kukupatsa mtima woimba foni imeneyi usanagone.

Ndine mlongo wako,
Eunice