Kabokosi kaja kawagwetsa abambo ako

Khuyu, Likoma

Mwana wanga Barnaba,

Ndikhulupirira uli bwino kusukulu ya zamagetsiko. Kuno tadzuka, koma abambo ako dzanja lamanja likadali ladzanzi, nkhafi sakugwira.

Kabokosi unatisiyira kaja, kamene umati inveta, kanditayitsa mtima. Lachiwiri makoswe anadula waya wochokera m'kabokosiko kupita ku nyale. Abambo ako atafika kuchokera kunyanja, ali chinyowere, anatenga wayayo kuti amusende ndi mano monga amachitira ndi mawaya a batire. Ndinati, "Bwanji muyambe mwazimitsa?" Iwo anati, "Moto wa batire ndaugwira zaka zonsezi, suluma." Atangomuika pakamwa anagwa chagada, mlomo utapsa.

Tinawanyamula mpaka kuchipatala ku Chipyela. Adokotala anati wayayo akanapanda kupulumuka m'manja, bwenzi tikukuitanira maliro. Anatiuza kuti kabokosiko kamatenga moto wofatsa wa batire n'kuukweza mpaka kufanana ndi magetsi a m'tauni. Iwe zimenezi umazidziwa, bwanji sunatiuze? Unangoti waya wofiira apa, wakuda apa, basi.

Kabokosiko ndakavundikira ndi dengu, palibe akukayandikira, ndipo tabwerera ku koloboyi. Utilembere pa sitima ikubwerayi, m'Chinyanja chomveka, mbali yoluma ndi iti.

Koma chikundisowetsa mtendere n'chakuti iwe umagwira zazikulu kuposa kameneka tsiku ndi tsiku. Paja nawenso umasenda waya ndi mano, unaonera abambo ako. Usiye, mwanangu. Mulungu akusunge.

Ndine mayi ako,
Agnesi