Belu la Anti linasiya kulira, mwana wanga wasiya sukulu

Aphungu,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimagwira ntchito m'sitolo yogulitsa mankhwala. Ndakhala ndikuwerenga malangizo anu zaka zambiri, nthawi zina ndikumaseka mavuto a anzanga, osadziwa kuti tsiku lina ndidzaima nawo pamzere womwewu. Mwana wanga woyamba wasiya kupita kusukulu. Timangomuti Kadona, chifukwa ali wamng'ono ankakonda kuguba m'nyumba atavala nsapato zanga zakuntchito. Ali m'chaka chomaliza cha sekondale, ndipo ankaikonda sukulu kuposa chakudya. Aphunzitsi aakulu andiuza mosapsatira kuti akapanda kubwerera teremu ino isanathe, dzina lake alichotsa pa olemba mayeso.

Chikundiwawa kwambiri n'chakuti ineyo ndinadutsa njira yomweyi. Ndiloleni ndikuuzeni, mwina mumvetsa chifukwa chake mtima wanga ukukana kukhala pansi.

Ndili msinkhu wa Kadona, bambo anga anadwala matenda ogoneka munthu pansi. Mayi ankalawirira kuntchito yawo yokolopa m'maofesi, ndiye kusambitsa bambo, kuwasinthira zofunda ndi kuchapa, zonse zinali za ine. Ndinkafika kusukulu anzanga atalowa kalekale, manja atatuwa ndi sopo, n'kupatsidwa chibalo chotchetcha udzu anzangawo akundionerera pawindo. Tsiku lina ndinangoti basi zandikwana, sindinapitenso.

Sipanapite nthawi, m'mawa wina ndinamva belu la njinga panja, ngiriii ngiriii. Nditasuzumira ndinaona mayi wamfupi, wovala juzi yobiriwira yotha m'zigongono, atagwira chinjinga chakuda chachimuna. Anali wa kabungwe kena kothandiza ana amene atsala pang'ono kusiya sukulu, ndipo ana tonse tinkangowati Anti Belu. Sanalowe m'nyumba, sanandifunse kuti ndasiyiranji. Anangoti, "Nsapato zako zili kuti?" Ndinawayankha mwachipongwe kuti sindikupita. Iwo anati, "Chabwino, ndibweranso mawa," n'kumapita akukankha njinga yawo. Anabweradi mawa lakelo, ndi mkuja wake, funso lomwelo, mpaka ana a neba anayamba kundiimba nyimbo ya nsapato ndikamapita kukataya zinyalala. Manyazi atandikwana ndinazivala nsapatozo. Chikwama changa anachimanga pakaliyala, n'kuuyamba wapansi. Njinga imene ija sindinawaonepo atakwera, Aphungu, inali yonyamulira zikwama zathu basi.

Panjira sankalankhula zambiri, ankangonena za agalu a eni ake ndi za mitambo. Nkhani ya bambo ndinaiulula ndekha patapita masabata angapo, titaima panjanji kudikira kuti sitima idutse, misozi ili mbwembwembwe. Sananene n'komwe kuti pepa. Anangondipatsa kampango kawo, sitima itadutsa tinapitiriza ulendo. Koma tsiku lomwelo anakalankhula ndi aphunzitsi aakulu, chibalo chinatha, ndipo anapeza mayi wina wapafupi woti aziona bambo m'mawa.

Ofesi ya bungwelo inali kachipinda pamwamba pa shopu ya wosoka nsapato. Tinkangoti Pamasitepe, chifukwa masitepe ake achitsulo ankasokosera moti Anti ankadziwa amene akukwera asanamuone nkhope. Mpaka lero ndikamva fungo la guluu wa nsapato mtima umathamangira komweko. Munali mabenchi awiri, tebulo lopendekeka limene tinkaliikira katoni kumwendo, ketulo yopanda chivundikiro, ndi ayironi imodzi imene tinkalimbirana posita yunifolomu. Amene wamva masamu ankaphunzitsa mnzake, amene sanamve ankawiritsa madzi. Kukhoma kunali misomali mbwee. Aliyense akamaliza sukulu ankapachikapo nsapato yake yakumanzere, yakumanja n'kupita nayo kwawo. Yanga yakumanjayo ikadali m'sutikesi pansi pa bedi. Mnzanga Wayilesi, amene pakamwa pake sipankatseka, anapachika yake ili yoboola kuphazi, ndiye wosoka nsapato uja anakwera masitepe akudandaula kuti, "Inu mukufuna anthu aziti ine sindidziwa ntchito? Bweretsani ndiisoke kaye." Tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Lero Wayilesi ndi telala wodziwika, ana ake anakula, koma pakamwa sipanatsekebe.

Anti anali ndi malamulo awiri amene ankauza aliyense wobwera kudzathandiza nawo: "Osakagogoda kwa m'bale wako, ndipo pakhomo osafunsa chifukwa. Chifukwa chimabwera chokha panjira."

Zonsezo zinapita. Nyumba ija anaigwetsa, pano ndi poimikapo magalimoto, ndipo nsapato zathu sindikudziwa zinathera kuti. Anti anakalamba, mawondo anawakana, akukhala kwa mwana wawo mbali ina ya tawuni. Bungwe lilipo, linakula, lili ndi ofesi ya zitseko zagalasi ndi mipando yawofuwofu. Kadona anamulembetsa kumeneko aphunzitsi ataona kuti wayamba kujomba. Koma thandizo lake ndi uthenga wapafoni: "Mwana wanu sanafike kusukulu lero." Aa, ndikudziwatu, wadzitsekera kuchipinda ndikumuona ndi maso angawa! Nditapita kukadandaula, mkulu wa bungwelo, mnyamata waulemu wake ndithu, anati, "Mayi, ana achuluka koma oyenda nawo tilibe. Anthu odzipereka akusowa masiku ano." Ndinatuluka osatsanzika.

Ndiye ndinati ndichite ndekha, poti mwana ndi wanga, ndidikiriranji mlendo? Ndinabwereka belu la njinga kwa mlonda wakuntchito kwathu, m'mawa n'kuima pakhomo la chipinda cha Kadona ndikuliza. Ndinamufunsa za nsapato, koma posakhalitsa ndinalephera kuugwira mtima. Ndinamufunsa kuti akusowa chiyani m'nyumba muno. Ndinamuuza za sopo, za chibalo, za agogo ake, zonse. Anatsegula pang'ono n'kunena kuti, "Amayi, nkhani ya Pamasitepe ndinaimva kokwanira. Ine si inu." Anamenyetsa chitseko. Bambo ake amayendetsa thiraki maulendo ataliatali, ndipo pafoni amangoti, "Mulandeni foniyo, aona yekha." Ndinamulanda, palibe chasintha.

Ndagwira njakata, Aphungu. Ndikawatenge Anti pa takisi, ngakhale adzangokhala pampando pakhomo pathu? Kapena ndikawayalutse a bungwewo pamsonkhano wa makolo kuti anataya njira ya eni ake? Ndimawasowa masiku aja, ndipo ndikuopa kuti mwana wanga anabadwa mochedwa, anthu abwino atatha kale.

E.K., kuseri kwa siteshoni ya sitima

Mayi E.K.,

Kalata yanu yandinunkhitsa guluu mpaka muofesi muno. Pamasitepe panali pabwino, ndipo kupasowa si mlandu. Koma pukutani misozi tikambe za Kadona, chifukwa teremu sikudikirani.

Yankho mwalemba nokha. Anti anali ndi malamulo awiri, inu mwaswa onse m'mawa umodzi, n'kuwonjezerapo ulaliki. Sindikukudzudzulani, mayi aliyense akanatero. Koma taganizani bwino: akanakhala mayi anu ataima pakhomo ndi belu, mukanazivala nsapato zija? Mwana amachita manyazi ndi mlendo, pamene kholo lake amalimbana nalo, podziwa kuti ngakhale alimenyetsere chitseko, madzulo limuphikirabe. Komanso pali nkhani zimene mwana sangauze mayi ake, makamaka mayi amene anamaliza sukulu akuchapa zofunda za wodwala. Kadona akamamva mbiri yanu amaona ngati vuto lake ndi lachibwana poyerekeza ndi lanu, ndiye amangolimeza.

Anti musawakwezere takisi. Mawondo awo anagwira kale ntchito yawo. Pitani mukangowaona, muwatengere zipatso, mukawauze kumene mukugwira ntchito ndi chifukwa chake munafikako. Ndikukayika ngati munawauzapo.

A bungwe musakawayalutse. Mnyamata uja anakuuzani zoona, inu n'kumva ngati akukukanani. Iye akusowa miyendo yoyenda ndi ana. Nanga miyendoyo ili kuti? Ili kwa inu nonse amene munapachika nsapato pakhoma lija, n'kupita kukasunga inzake m'sutikesi. Uthenga wapafoni sungamange chikwama pakaliyala, zimenezo n'zoona, koma foniyo musaiimbe mlandu wa ntchito imene anthu anaisiya.

Sabata ino muimbireni Wayilesi. Apite kubungweko akalembetse ngati wodzipereka, amufufuze monga amachitira ndi aliyense wofuna kuyandikira ana, kenako azibwera pakhomo panu m'mawa uliwonse. Mumuuze achepetse voliyumu. Funso ndi limodzi lija basi, akakanidwa azipita, mawa abwerenso. Iye akamafika, inu muzikhala mutanyamuka kale, chifukwa Kadona sangavale nsapato inu mukuona, ziziwoneka ngati wagonja. Foni yake mubwezereni, ndipo bambo ake muwauze kuti akaimba azimufunsa mmene wadzukira, milandu aziweruza akafika. Kwa aphunzitsi aakulu mupite limodzi ndi mkulu wa bungwe uja, mukapemphe kuti dzina asafulumire kulichotsa popeza pali anthu amene akuyenda naye. Polowa muofesi ya magalasiyo muyambe mwamupepesa mkuluyo poti tsiku lija munatuluka osatsanzika.

Nanga inuyo mukanyamuka m'mawamo muzipita kuti? Pakhomo la mwana wa wina. Bungweli lili ndi ana ambiri amene foni za makolo awo zikungolira tsiku ndi tsiku. Lembetsani nanunso, akupatseni mtsikana mmodzi wokhala m'njira yanu yakuntchito. Kwa iyeyo mudzakhala mlendo, ndipo mudzadabwa kuti kudekha kumene kukukusowani pa Kadona muli nako kambiri. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, mayi, ndipo wanunso ndi wa anzanu.

Chenjezo langa ndi ili. Mwana amene ankakonda sukulu sangoisiya popanda chifukwa. Mwina anzake akumuzunza, mwina pali munthu wamkulu amene akumuvutitsa, mwina ndi mimba, mwina maganizo amulemera. Mukaona kuti sakudya, kapena akulankhula zofuna kudzipweteka, musadikire belu, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo chifukwa chija chikadzatuluka panjira n'kufika kwa inu, kaya chidzakhala chowawa bwanji, musadzakuwe, musadzayambe ndi mawu akuti "ine nthawi yanga". Mudzangomupatsa kampango, monga anakuchitirani panjanji paja.

Anthu abwino sanathe ayi. Anangokula, wina akusoka madiresi, wina akugulitsa mankhwala. Nsapato yakumanja ija itulutseni m'sutikesi, muiike poti muziiona mukadzuka. Belu la mlonda musabweze kaye.

Aphungu